Chasisi ya galimoto yakale yaliwiro: kuika zigamba, kugula yatsopano, ndi njira zoiteteza ku dzimbiri

Dzimbiri limadya chasisi kuchokera mkati. Zitsulo zake zambiri ndi zamphako, ndipo madzi ndi matope zikalowa pa mabowo zimakhala momwemo zaka 40 kapena 50. Pofika nthawi yoti penti ya kunja iyambe kutupa, chitsulo chimakhala chitatha kale. N'chifukwa chake funso loti mupaka penti yanji liyenera kubwera pomalizira, ngakhale kuti ambiri amayambira pomwepo. Choyamba ndi kudziwa chitsulo chomwe chatsala, komanso ngati chasisiyo ikadali yowongoka.

Pano tikunena za magalimoto amene bodi yake imamangidwa ndi mabawuti pamwamba pa chasisi yapayokha: Triumph Spitfire ya 1962 mpaka 1980 ndi mnzake GT6, ma Triumph TR2 mpaka TR6, MGA ya 1955 mpaka 1962, Lotus Elan, ma TVR, ndi Chevrolet Corvette ya 1963 mpaka 1982. MGB siili m'gululi, chifukwa bodi yake ndiyo chasisi yomwe.

Kuchotsa bodi ndi kuyeza

Galimoto yopanda denga imapindika pakati mukainyamula bodi osaichirikiza. Chotsani zitseko, muwotcherere mongogwiriziza paipi yachitsulo ya mamilimita 25 kuchokera ku mzati wakutsogolo wa khomo kufika ku wakumbuyo, mbali zonse ziwiri, ndi ina yopingasa pakati. Bodi ya Spitfire yochotsedwa zonse anthu anayi amainyamula. Ya TR6 ndi bwino kuikweza ndi tcheni. Pa bawuti iliyonse yomangira bodi mupezapo timawasha ndi timalabala tochindikala mosiyanasiyana. Tiwerengeni, mutiike m'timapepala tolembedwa malo ake. Amene amatitaya amadzavutika masabata kuti zitseko zitsekeke bwino.

Chasisi ikatsala yokha, iikeni pa miyendo inayi yachitsulo pansi pa simenti yosalala. Matani mapepala pansi, mulendewetse chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kuchokera pa mabowo omangira miyendo ya matayala, n'kuika kadontho pomwe nsonga yaloza. Kenako yezani mopingasa: kutsogolo kumanzere kufika kumbuyo kumanja, ndi kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere. Miyeso iwiriyi ikasiyana mamilimita osapitirira 3, palibe chodetsa nkhawa. Ikafika 6 kapena kuposa, galimotoyo inagundapo, ndipo muyenera kupeza pomwe panapindika musanagule ngakhale waya wowotcherera. Levulo yoikidwa mopingasa kutsogolo, pakati ndi kumbuyo imaonetsa ngati chasisi inapotoka. Buku la amakaniko la galimotoyo limakhala ndi chojambula cha miyeso yonse. Musadalire kuyerekeza mbali ina ndi inzake kokha, poti zonse ziwiri zikhoza kukhala zolakwika.

Tsopano nyundo. Gogodani paliponse, makamaka kunsi. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, chowola chimangoti phu, ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa mkati. Pomwe mukukayika boolani kabowo ka mamilimita 6 muone kuchindikala kwake ndi maso, kapena lowetsani kakamera kapachingwe kolumikiza ku foni. Galimoto iliyonse ili ndi malo ake odwala. Pa TR4A, TR5 ndi TR6 ndi zitsulo zomwe mikono ya matayala akumbuyo imamangidwapo, pansi pa mbale yapakati yooneka ngati mtanda, ndi zikhomo zopachikira difu (giya yogawira mphamvu ku matayala akumbuyo), makamaka chakutsogolo kumanja, chimene chimang'amba chitsulo chozungulira. Pa Spitfire ndi timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, totchedwa outrigger, komanso zitsulo zazikulu pafupi ndi difu. Pa Elan ndi nsanja ziwiri zakutsogolo zogwira miyendo ya matayala, zomwe zimadzaza madzi mabowo otulutsira akatsekeka. Chitsulo chopingasa pakati pa nsanjazi chimagwiranso ntchito yosunga mphamvu yokoka mpweya (vacuum) yomwe imayendetsa nyale zotukuka, ndiye nyale za Elan zikayamba kuvuta kutukuka kapena kutsika, kayikirani chasisi. Pa TVR ndi ngodya za ma outrigger kuseri kwa matayala akutsogolo, pamwamba pomwe bodi imabisa. Pa Corvette ndi pomwe chitsulo cham'mbali chimakwera kutsogolo kwa tayala lakumbuyo.

Zigamba kapena yatsopano

Kuika zigamba n'koyenera ngati zitsulo zazikulu ziwiri zili zamoyo ndi zowongoka, ndipo chowola chili m'malo odziwika amene zidutswa zake zimagulitsidwa zopinda kale. Spitfire yambiri imagwera pano. Mafuta odontha mu injini amakhala atateteza theka lakutsogolo, ntchito n'kukhala ya ma outrigger ndi zigamba zingapo. TR6 imavutirapo, chifukwa malo owola ndi omwe amagwira tayala. Chitsulo cha mkono wakumbuyo chikawotchereredwa chitasuntha mamilimita ochepa, timbale tosinthira kaimidwe ka tayala sitikwaniranso kukonza cholakwikacho. Pamenepa musadule chilichonse musanapange chikombole: chitsulo cholimba chomangidwa ndi mabawuti pa mabowo akalewo, chogwirizidwa ku mbali ina ya chasisi yomwe simukhudza, kuti chatsopano chidzalowe ndendende pomwe panali chakale.

Chasisi yatsopano imapambana pamene zinthu ziwiri zakumana: chitsulo ndi chopyapyala kuchokera ku fakitale, ndipo zatsopano zimapezeka. Elan ndiye chitsanzo chake. Msana wake ndi wa chitsulo chopinda cha mamilimita pafupifupi 1.2, nsanja zikawola, palibe chogwirapo chigamba, ndipo ambiri odziwa galimotoyi amangosintha. Pali ya maonekedwe enieni akale yoviikidwa mu zinki, ndi ya mapaipi yopangidwa ndi kampani ya Spyder, imene imapereka mpata wofikira giyabokosi ndi difu mosavuta koma imachotsako mtengo kwa ogula ofuna galimoto monga inatulukira. Pa magalimoto ena onse, lamulo lathu ndi ili: ngati mbali yoposa limodzi mwa magawo atatu a zitsulo zazikulu ikufunika kudulidwa, kapena chasisi ndi yowola komanso yopindika nthawi imodzi, mudzawononga miyezi kumanga chinthu chomwe sichidzafika pa chatsopano.

Yogula kwa wina yogwirapo kale ntchito ndi njuga. Ili ndi zaka zofanana ndi yanuyo, ndipo ngati yapakidwa penti yakuda yonyezimira posachedwa, funsani chifukwa chake. Iguleni pokhapokha mwaiyeza ndi kuigogoda nokha.

Chimodzi chosaiwala: m'maiko ambiri nambala ya chasisi ndiyo dzina la galimoto pa malamulo. Funsani ofesi yolembetsa magalimoto zomwe imafuna musanasinthe, sungani malisiti ndi zithunzi, ndipo yakaleyo musaitaye mapepala asanathe.

Njira zochotsera dzimbiri

Girayinda yokhala ndi bulashi ya waya ndiyo ili m'manja mwa aliyense, ndipo ndiyo imanyenga kwambiri. Bulashi ya waya imapukuta dzimbiri n'kulinyezimiritsa, likuoneka ngati chitsulo choyera pamene likadali m'timaenje. Sifika m'ngodya, sifika pansi pa mabulaketi, ndipo imasiya chitsulo choterera chomwe penti sigwira bwino. Ndi yabwino poyeretsa malo owotcherera ndi pofufuza, basi. Valani chotchinga nkhope yonse. Timawaya timathothoka n'kulasa.

Kuwomba ndi mchenga wamphamvu ndiye njira yomwe timaiika patsogolo. Kumachotsa dzimbiri mpaka m'timaenje, kumasiya chitsulo chokhakhala chomwe penti imaluma, ndipo kumaulula zoona zonse: pomwe panali pofooka pamabooka. Vuto la kuchitira pakhomo ndi mpweya. Kamwa ya chowombera ya mamilimita 3 pa mphamvu ya mpweya ya 7 bar imadya malita oposa 500 a mpweya pa mphindi, pamene kompuresa wamba ya thanki ya malita 50 imatulutsa 150 kapena 200. Mumawomba masekondi ochepa, n'kudikira, n'kuwombanso, ndipo chinyezi cha m'thanki chimaumbitsa mchenga m'paipi. Ntchito yomwe kampani imamaliza m'mawa umodzi imakutengerani masiku. Ngati pali gawo limodzi lolipira ena, ndi ili. Mchenga weniweni wa kumtsinje musaugwiritse ntchito ngakhale pang'ono: fumbi lake limayambitsa silicosis, matenda osachiritsika a m'mapapo. Gwiritsani magalasi ophwanya, garnet kapena aluminium oxide.

Musanatumize chasisi kowombetsa, palani phula lonse lakale ndi girizi, potenthetsa ndi mfuti ya mpweya wotentha n'kukanda ndi chopalira. Mchenga umangodumpha pa zinthu zofewa. Mabowo a mazinga atsekeni ndi mabawuti akale. Chasisi ikabwera, itembenuzeni mbali zonse mukuuzira mpweya m'mphako, chifukwa mchenga wotsalira umasunga chinyezi komanso umadzatulukira mu penti yaiwisi. Chitsulo chowombedwa chimayamba kufiira m'maola ochepa. Penti yoyamba ipakidwe tsiku lomwelo, ndipo musachigwire ndi manja opanda magolovesi. Ena amawombetsa kawiri, koyamba kuti aone zowola, kachiwiri mopepuka atamaliza kuwotcherera. Ndi ndalama zowonjezera koma n'zanzeru.

Kuviika mu asidi kumachitika ku makampani okha. Penti ndi phula zimayamba zapsa mu uvuni kapena zasungunuka m'mankhwala, kenako chasisi yonse imamizidwa. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: ndi njira yokhayo yofika mkati mwa mphako. Kuipa kwake kuli pa misoko pomwe zitsulo ziwiri zagonerana. Asidi amalowamo, ndipo akapanda kutsukidwa bwino amadzatuluka patapita miyezi n'kutukula penti motsatira msoko. Mkatimo mumatsalanso mopanda chotchinga chilichonse, ndiye funsani ngati amaviikanso mu penti ya magetsi yotchedwa e-coat. Chotsani kambale ka nambala ndi chilichonse cha aluminiyamu musanatumize, chifukwa mankhwalawo amazidya.

Zitsulo zing'onozing'ono, monga mabulaketi ndi mikono ya matayala, mukhoza kuziyeretsa nokha m'madzi ofunda osungunuliramo citric acid, magalamu 50 mpaka 100 pa lita, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Masipuling'i ndi mabawuti olimba asalowemo. Asidi amatha kuwachititsa kuthyoka mosachenjeza. Mankhwala opaka omwe amasandutsa dzimbiri kukhala lakuda amangogwira kachikopa kapamwamba. Pa dzimbiri la makoko sachita kanthu.

Kuwotcherera: makina ati, ndipo motani

Chitsulo cha chasisi zambiri za ku Britain chili pakati pa mamilimita 1.6 ndi 2. Cha Corvette n'chochindikala kuposa pamenepo. Pa chitsulo chotere MIG ya gasi, njira yowotcherera yomwe makina amakankha okha waya, ndiyo yoyenera munthu wa pakhomo. Makina a ma amp 150 mpaka 180 akwanira, powerengera ma amp pafupifupi 40 pa milimita iliyonse. Waya akhale wa mamilimita 0.8, gasi wosakaniza argon ndi carbon dioxide, wotuluka malita 10 mpaka 12 pa mphindi, pamalo opanda mphepo. MIG yopanda gasi imagwira panja, koma imathetheka kwambiri, imabisa msoko mu utsi, ndipo imasiya makoko omwe amakwiririka mukamawotcherera pang'onopang'ono. Njira yowotcherera ndi timitengo imaboola chitsulo cha 1.6 chomwe chadyedwapo kale. TIG, yomwe waya mumauika ndi dzanja lina, imatulutsa msoko wokongola ndipo ndi yabwino pa mapaipi a TVR, koma imafuna chitsulo choyera mbali zonse ziwiri, chinthu chosowa pa chasisi yakale, komanso dzanja lozolowera.

MIG ili ndi msampha wake: imatha kuyala msoko wooneka bwino womwe wangokhala pamwamba osalowa. Musanakhudze chasisi, lumikizani zidutswa ziwiri za chitsulo chofanana, muzimange pa vayisi, muzipinde ndi nyundo. Chitsulo ching'ambike pambali pa msoko, osati msokowo kumatuka. Kuseri kuoneke mzere wosonyeza kuti moto unadutsa.

Pa kaikidwe ka chigamba pali njira ziwiri, ndipo imodzi ndi yoipa. Kuphimba chowola ndi mbale pamwamba n'kwachangu, koma mwatsekera dzimbiri ndi chinyezi pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo pakatha zaka zochepa mbaleyo imatupa. Njira yabwino ndi kudula mpaka mutafika pa chitsulo cha kuchindikala kwathunthu, kupita mamilimita 20 kapena 30 kupyola pomwe maso akuti ndi pabwino, n'kulowetsa chigamba chokwana ndendende m'bowolo, kusiya mpata wa milimita imodzi. Ngodya za chigamba zikhale zozungulira, poti ming'alu imayambira pa ngodya zakuthwa. Chitsulo chikhale chochindikala mofanana ndi chakale. Chochindikala kwambiri sichilimbitsa. Chimangokana kupindika limodzi ndi chinzake, mng'alu n'kudzabadwira m'mphepete mwake.

Ngati mukudula chitsulo chachikulu chonse n'kulumikiza china, musadule mowongoka kuchokera pamwamba kufika pansi. Dulani mopendekera madigiri 45, mulowetse mkono wachitsulo mkati wodutsa mamilimita 75 mpaka 100 mbali iliyonse, mubowole mabowo a mamilimita 8 pa chakunja otalikirana mamilimita 30, muwadzaze ndi moto kuti agwire mkono wamkatiwo, kenako msoko wozungulira. Chasisi ikhale yomangidwa pa tebulo lachitsulo kapena pa mapaipi olimba, ndipo dulani mbali imodzi yokha nthawi imodzi. Gwirizani ndi timadontho, yezaninso mopingasa, kenako wotchererani mamilimita 25 apa, 25 mbali inayo, kulola kuti pazizire. Msoko umakoka chitsulo ukamazizira, ndipo msoko wautali umodzi pamwamba pa chitsulo umakwanira kutukula mchira wa chasisi. Misoko yonyamula katundu musaipale mpaka kusalala. Mphamvu yake ili m'thupi lakelo.

Pali chitsulo china chosayenera kuchiwotcherera konse. Mafelemu onyamula injini a Jaguar E-type ndi a mapaipi opyapyala a Reynolds 531 olumikizidwa ndi mkuwa; akawola kapena kung'ambika amasinthidwa.

Phula lakale m'mphako limayaka mosaoneka, choncho chozimira moto chikhale pafupi, ndipo muchedwe m'galaja kwa theka la ola mutazimitsa makina. Mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine asayandikire moto wowotcherera, amatulutsa mpweya wakupha wa phosgene.

Mukamaliza, bwezerani bodi moyesera musanapake penti yomaliza. Zitsulo za pansi pa zitseko zimakonzedwa bodi ili pa chasisi yowongoka, zitseko zitapachikidwa, osati ili payokha.

Zinki, penti ya ufa, kapena epoxy

Kuviika mu zinki wosungunuka, pa madigiri pafupifupi 450, ndiko kumateteza nthawi yaitali kuposa zonse, chifukwa zinki amalowa mkati ndi kunja, ndipo pakakandika amadyedwa iye m'malo mwa chitsulo. Lotus inayamba kuviika chasisi zake mu 1980, ndipo kusiyana kwake ndi zam'mbuyomo kumaoneka mpaka lero. Koma chasisi yakale yokonzedwa si yofanana ndi yatsopano. Kutentha kumamasula kukokana komwe kuwotcherera kunasiya, chitsulo chopyapyala n'kupotoka. Mphako iliyonse imafunika mabowo a mamilimita 10 kapena kuposa kumapeto konse kuwiri. Mpweya wotsekeredwa ukhoza kuphulitsa chitsulo m'thanki, ndipo kampani idzakana kapena kubowola yokha pomwe yafuna. Penti kapena phula lotsalira mkati limalepheretsa zinki kugwira. Mazinga onse amafunika kuwatsegulanso, mabowo a mabushi kuwapala. Ndipo mukadzafuna kuwotchererapo bulaketi yoiwalika, muyenera kupala zinkiyo kaye, poti utsi wake umadwalitsa. Pa chasisi yatsopano, kapena yakale yochindikala yokhala ndi zigamba zochepa zolowetsedwa bwino, sankhani zinki. Pa yopyapyala yodzaza misoko, ayi. Pali njira yapakati, yopopera zinki wotentha pa chitsulo chowombedwa, imene sipotoza kanthu koma imafika kunja kokha.

Penti ya ufa yowotcha mu uvuni, pa madigiri 180 mpaka 200, ndiyo imakongola kwambiri pa chithunzi. Pansi pa galimoto yoyenda pamsewu timaikayikira. Ufawo umakokedwa ndi magetsi, ndipo m'ngodya zakuya sufika mokwanira, m'mphepete mwakuthwa umapyapyala, mkati mwa mphako sulowa. Mwala ukaugamula, madzi amayenda pansi pake dzimbiri n'kufalikira, pamwamba pakuonekabe bwino mpaka tsiku lomwe chikopa chonse chisendeka. Eni a TVR Griffith ndi Chimaera za m'ma 1990 amaidziwa bwino nkhaniyi. Imabisanso ming'alu, ndipo kukonza pogamuka ndi bulashi sikugwirana bwino. Girizi wobisala m'misoko amasungunuka mu uvuni n'kuwononga ntchito. Ngati mwaikonda ndithu, uzani opakawo ayambe ndi chikopa cha ufa wa zinki pansi, ndipo atchinge mazinga ndi malo omangira waya wa ethi.

Penti ya epoxy yosakaniza mbali ziwiri ndiyo imagwirizana ndi ntchito ya pakhomo. Imaluma chitsulo chowombedwa, silola madzi kudutsa, imapakika ndi bulashi, ndipo pogamuka mumapala n'kupakanso. Sakanizani motsatira muyezo wa pa chitini, pang'onopang'ono, chifukwa ikasakanizidwa imayamba kuuma m'kapu momwemo. Yambani ndi bulashi yaing'ono pa misoko, ngodya ndi m'mphepete monse, kenako mupake paliponse kawiri kapena katatu. Chasisi ya msinkhu wa Spitfire imadya malita awiri kapena atatu. Musapake kukazizira pansi pa madigiri 10, kapena m'mawa chitsulo chili ndi mame. Imagwira mwachinyengo n'kudzamatuka. Chitsulo chomwe munachipaka asidi chitsukidwe bwino kaye. Penti yakuda yapamwamba ipakidwe mkati mwa nthawi yolembedwa pa chitini, apo ayi muyenera kukwecha ndi sandipepala. Ngati yapamwambayo ndi ya polyurethane ya mbali ziwiri, ili ndi isocyanate, ndipo kuipopera kumafuna chigoba cholandira mpweya wochokera kunja. Pakani ndi bulashi kapena sankhani ina.

Penti yotchedwa POR-15 ndi anzake ouma ndi chinyezi amagwira zolimba pa chitsulo chokhakhala, koma pa chosalala amasendeka ngati simunatsate ndondomeko yake yonse yokonzera. Phula lakuda lokhuthala lopaka kunsi lisabwerere pa chasisi yomwe mwavutikira. Likauma limang'ambika n'kusunga madzi.

Mkati, ndi pomanga

Kupatula yoviikidwa mu zinki kapena e-coat, chasisi yanu ikadali yamaliseche mkati, komwe vuto linayambira. Penti ikauma, poperani phula lopyapyala loteteza mphako, monga Dinitrol, Waxoyl kapena Dynax, ndi paipi yaitali ya kamwa yomwaza mbali zonse. Lowetsani paipi mpaka kumapeto, muzipopera mukuikoka pang'onopang'ono. Chitini chiyambe chakhala m'madzi otentha kuti phula lipyapyale n'kulowa m'misoko, ndipo tsiku likhale lofunda. Pomwe paipi siifika bowolani mamilimita 10 m'mbali, osati pamwamba, mudzatseke ndi kalabala. Mukatha tsegulani mabowo otulutsira madzi ndi kawaya, chifukwa phulalo limawatseka. Bwerezani pakatha zaka zitatu kapena zinayi zilizonse.

Mabawuti a miyendo ya matayala akhale atsopano, a giredi 8.8, kapena giredi 5 pa a mainchesi. Magalimoto a ku Britain a nthawi imeneyo amagwiritsa mazinga a mainchesi otchedwa UNF, ndipo bawuti ya mamilimita yokakamizidwa imaononga bowo. A stainless wamba ndi ofooka pa ntchitoyi, asiyeni ku mabulaketi a mapaipi. Mapaipi a mabuleki ndi a petulo ayaleni bodi isanabwerere, a mkuwa wosakaniza ndi nickel, omangidwa ndi timakilipi kuti asakhudze chitsulo. Pomwe waya wa ethi umamangidwa palani penti mpaka chitsulo, mupakepo girizi. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala amangeni mongogwiriziza. Mudzawalimbitse galimoto itaima pa matayala ake, injini ndi bodi zili pamalo. Mukawalimbitsa miyendo ikulendewera, labala imakhala yopotoka nthawi zonse, galimoto imaima motukuka, ndipo mabushi atsopanowo amang'ambika msanga.